Ulesi, Ulova ndi Kupuma: Mfundo Zofunika Kuchokera ku Mawu Akuti "Idle"

Angerezi ali ndi mawu a zilembo zinayi, akuti "idle", amene amasenza katundu woposa msinkhu wake. Amawanena kwa munthu wozemba ntchito. Amawanenanso kwa bambo amene fakitale yomwe ankagwirako yatsekedwa, kwa injini yolira galimoto ili chiimire, kwa munda wogonera, ngakhalenso kwa nkhani zopanda mutu zokambidwa pamphambano. Ife timasiyanitsa: uyu ndi mlesi, uyu akusowa ntchito, uyu akupuma. Chingerezi chinaphatikiza zonsezi pamodzi, ndipo anthu ambirimbiri akwapulidwa, kuwotchedwa ndi chitsulo chamoto ndi kutsekeredwa m'ndende chifukwa cha kuphatikiza kumeneko. Ena mwa iwo ndi abale athu, pakuti mawuwa anawoloka nyanja n'kulowa m'buku la malamulo a Malawi. Mbiri yake ndi yoyenera kuilingalira mofatsa.

1. Musanafunse kuti munthu akuchita chiyani, funsani kuti m'zimene akuchitazo muli chiyani.

Zaka zoposa 1,000 zapitazo, m'Chingerezi chakale, mawuwa ankalembedwa kuti "idel", ndipo tanthauzo lake lalikulu linali chinthu chopanda kanthu m'kati, chachabe, chosapindulitsa. Nyumba yothawidwa ndi eni ake inali idel. Kudzitama kopanda maziko kunali idel. Tanthauzo loti munthu waulesi linadzakula pambuyo pake, cha m'ma 1300.

Cha m'ma 1000, mmonke wina dzina lake Ælfric, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa nyumba ya amonke ku Eynsham pafupi ndi Oxford, anamasulira chigawo choyamba cha buku la Genesis m'chilankhulo cha anthu akwawo. Atafika pa vesi lachiwiri, pamene dziko linali lisanaumbike ndipo munalibe kalikonse, anasankha mawu awiri: "idel" ndi "æmtig". Achiwiriwo ndi kholo la mawu a lero akuti "empty", otanthauza chopanda kanthu. Koma "æmtig" anachokera ku mawu otanthauza mpata, nthawi yopuma. Munthu wotchedwa choncho anali amene alibe chomutangwanitsa. Ndiye kuti m'kupita kwa zaka mawu awiriwa anasinthana malo. Amene ankanena za kupanda kanthu anayamba kunena za munthu wosagwira ntchito, ndipo amene ankanena za munthu wopuma anayamba kunena za botolo lopanda madzi.

Azibale a mawuwa m'zilankhulo zina anasunga tanthauzo lakalelo. M'Chijeremani muli "eitel", m'Chidatchi muli "ijdel", ndipo onsewa lero amanena munthu wodzionetsera, wotaya nthawi pagalasi. Ndi mawu omwewa amene Martin Luther m'Baibulo lake la 1534, ndiponso omasulira Baibulo la Chidatchi la 1637, anagwiritsa ntchito m'buku la Mlaliki pamene ife timawerenga za zinthu zachabechabe. Taganizirani za munthu amene akulankhula m'buku limenelo. Anamanga nyumba, anadzala minda ya mphesa, anakumba madamu, anakundika siliva ndi golide. Palibe tsiku limene anakhala manja lende. Komabe ndi ntchito zake zomwezo zimene anazitcha zachabe.

Apa ndi pamene ine ndimaona phunziro lalikulu. Tinazolowera kuyesa munthu ndi thukuta ndi kuthamangathamanga. Amene amachoka kunyumba kusanache, kubwera usiku, foni ili kukhutu, timati ndi wakhama, ndipo sitifunsanso zina. Pali misonkhano yotha tsiku lonse koma osamanga mfundo. Pali makomiti osankha makomiti anzake. Pali bambo wotangwanika kwambiri moti ana ake amamudziwa ndi kulira kwa geti. Nkhokwe yodzaza ndi nkhokwe yopanda chimanga zimaoneka chimodzimodzi ukaima patali, zonse zofolera bwino; umadziwa ukakwera n'kusuzumira. M'tanthauzo lakale lija, munthu akhoza kutopa mpaka msana kuwawa, tsiku lake n'kukhala lopanda kanthu.

2. Mawunso amatha kukhala malova.

Omasulira Baibulo la King James la 1611 anagwiritsa ntchito "idle" pa Mateyu 12:36, pamene Yesu akuchenjeza kuti anthu adzayankha mlandu pa mawu awo opanda pake. M'Chigiriki pali mawu akuti "argos", opangidwa ndi kachidutswa kokana ndi mawu otanthauza ntchito. Si mawu otukwana okha amene akunenedwa pamenepo. Ndi mawu amene atuluka m'kamwa koma sanapite kukagwira ntchito iliyonse.

Timawadziwa. "Ndibwera mawa," wonenayo akudziwa kuti sabwera. "Tiona chochita," kwa mayi wamasiye amene wayenda mtunda wautali, pamene palibe chimene chionedwe. "Pepani" wobwerezedwa mwezi ndi mwezi, khalidwe lili lomwelo. Uthenga wa pa WhatsApp wotumizidwa kwa anthu makumi osaufufuza n'komwe. Wolandira mawu oterewa amawasunga ngati chinthu, amakonzera mawa lake pa iwo, kenako amapeza kuti wagwira mphepo.

Koma tisasokoneze. Moni wautali wa kumudzi, wofunsa za ana ndi za mvula, si wopanda pake. Macheza a pasiwa usiku wonse, ngakhale akhale a nthabwala, akugwira ntchito yolemera, yoti namfedwa asakhale yekha. Muyeso wake ndi woti mawuwo asiya chiyani mwa womva.

3. Ulesi ulipo ndithu, koma nthawi zambiri sukhala pansi.

Wina asamve ngati ndikuikira kumbuyo ulesi. Ulipo, umasaukitsa mabanja, ndipo makolo sananame ponena kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Kungoti anthu amene anaufufuza mozama anapeza kuti nkhope yake si imene timaiganizira.

Evagrius, mmonke amene anakhala m'chipululu cha Egypt ndipo anamwalira m'chaka cha 399, analemba za maganizo 8 amene amavutitsa munthu wodzipereka ku pemphero. Limodzi analitcha "akedia", kutanthauza kusasamala, mtima kuleka kukhudzidwa ndi kanthu. Ankati limabwera dzuwa likakwera, kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana. Mmonke amayamba kuona ngati dzuwa laima. Amasuzumira pawindo pafupipafupi, amatuluka panja kukaona ngati nthawi ya chakudya yayandikira, amayang'ana uku ndi uku ngati kukubwera mlendo womucheza. Akatenga buku amayasamula, amawerengetsera masamba otsala, amapeza zifukwa pa kalembedwe kake, kenako amalitsamira n'kugona. Amayamba kuipidwa ndi malo amene ali, n'kumaganiza kuti kwina zinthu zikanamuyendera. Munthu ameneyu sali phee ayi. Miyendo ikuyenda, maso akuyenda, maganizo akuyenda. Chimene akuthawa ndi ntchito imodzi yokha, imene ili patsogolo pake. Aliyense amene anatsegulapo buku la mayeso, n'kupezeka kuti patha maola awiri akungotsetsereka pa Facebook, amudziwa mmonke ameneyu.

Mndandanda wa Evagrius, kudzera mwa John Cassian ndi Papa Gregory Wamkulu, ndiwo unabala machimo akuluakulu 7 odziwika mu mpingo. Angerezi anatcha tchimo la akedia lija "sloth", mawu ochokera ku "slow", kuchedwa. Pamenepo tanthauzo linaphwa. Vuto la mumtima linasanduka nkhani ya thupi loyenda pang'onopang'ono.

Palinso china chofunika kusamala nacho. Samuel Johnson anatulutsa dikishonale yake ya Chingerezi mu 1755, ya mawu oposa 42,000, ataigwirira ntchito zaka pafupifupi 9 ndi alembi ochepa chabe. Kuyambira 1758 mpaka 1760 analemba nkhani za mlungu ndi mlungu pansi pa dzina lakuti The Idler. Koma m'mapemphero ndi m'zolemba zake zamseri, chaka ndi chaka, ankadziimba mlandu wa ulesi, kulonjeza kuti ayamba kulawirira, n'kulephera, n'kulonjezanso. Munthuyu ankavutika ndi kukhumudwa kwakukulu kuyambira ali mnyamata. Zimene iye ankazitcha ulesi, zambiri zinali matenda. Mwana wosinza m'kalasi mwina wachoka kunyumba osadya. Mayi amene wasiya kusesa pakhomo atangobereka mwina magazi achepa, kapena mtima wake wagwa m'dzenje limene sakudziwa kulitchula. Kumunyoza kuti ndi mlesi n'kumuwonjezera katundu pamene akufunika kuperekezedwa kuchipatala.

4. Kukhala chete kwina ndi ntchito.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1890, katswiri wa sayansi Lord Rayleigh anaona chinthu chaching'ono chomwe chinamusowetsa mtendere. Mpweya wa nitrogen wotengedwa mumlengalenga unkalemera pang'ono kuposa wopangidwa kuchokera ku mankhwala, kusiyana kwake pafupifupi theka la gawo limodzi pa 100. Ena akanati sikelo yalakwitsa. Iye ndi katswiri mnzake William Ramsay anadekha nazo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mpaka mu 1894 analengeza kuti apeza mpweya watsopano umene unkabisala mu nitrogen. Unkakana kuphatikana ndi chinthu china chilichonse, choncho anautcha "argon", kuchokera ku mawu a Chigiriki omwe aja otanthauza wosagwira ntchito. Onse awiri analandira mphoto ya Nobel mu 1904.

Mpweya umenewu ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mpweya umene tikupuma. Pitani kwa wowotcherera aluminiyamu kapena chitsulo chosachita dzimbiri, muone silinda imene yaima pambali pake. Pamene moto ukusungunula chitsulo, argon amatuluka pakamwa pa chowotchereracho n'kuphimba malowo, kuti mpweya wamba usafikepo n'kuwononga msoko. M'mababu akale aja, ndi argon amene ankateteza kawaya kowala kuti kasapse msanga. Phindu lake lonse lili pa kusalowerera kwake.

M'banja lililonse muli munthu wotere. Agogo amene amakhala pakhonde tsiku lonse, ndipo chifukwa choti alipo, ana sapita kumsewu ndipo akuba salowa. Mkulu amene pamlandu amamvetsera osadula mawu mpaka mkwiyo wa onse utaphwa. Woyang'anira wodwala amene wangokhala pambali pa bedi usiku wonse. Ntchito zimenezi sizilembedwa m'kaundula aliyense, ndipo kawirikawiri zimagwiridwa ndi amayi.

Bertrand Russell analemba mu 1932 nkhani yotchedwa In Praise of Idleness, momwe ananena kuti makina afika poti munthu akhoza kugwira maola 4 patsiku, onse n'kudya, ngati ntchito itagawidwa bwino. Kwa mlimi wa khasu maganizo amenewa ali kutali. Koma chimene chinamupweteka Russell n'choona mpaka lero: ena akugwira mpaka kukomoka pamene ena akusowa pogwira, ndipo zonsezi zikuchitika mu mzinda umodzi.

5. Amene sanalembedwe ntchito si mlesi.

Pa Mateyu 20 pali fanizo la mwini munda wa mphesa amene anapita kumsika kangapo tsiku limodzi kukafuna aganyu. Dzuwa litapendeka, kutatsala ola limodzi kuti aweruke, anapeza ena ataimabe. Baibulo la 1611 likugwiritsanso ntchito "idle" pa anthu amenewa. Mwini munda anawafunsa chifukwa chake, iwo anayankha kuti palibe amene wawalemba, ndipo iye sanatsutse. Anawatenga, n'kuwalipira malipiro a tsiku lathunthu. Aliyense amene anadutsapo pageti ya fakitale m'mawa anawaona amuna amenewa. Afika kusanache, ena atanyamula shovelo yawoyawo, akhala pamiyala, ndipo geti ikangoti kwee onse amaimirira nthawi imodzi. Kapitawo amaloza asanu. Otsalawo amakhalanso pansi, poti kubwerera kunyumba chimanjamanja dzuwa lili pamutu n'kovuta kuposa kudikira.

Mafumu a England ankawerenga fanizo lomweli m'matchalitchi awo, koma malamulo awo anayenda njira ina. Mliri waukulu utafika m'dzikomo mu 1348 n'kupha anthu osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu, antchito anachepa ndipo otsalawo anayamba kufuna malipiro okwera. Mu 1349 Mfumu Edward III analamula kuti aliyense wathanzi wosakwana zaka 60, amene alibe chuma chake, agwire ntchito kwa aliyense womufuna, pa malipiro a mliri usanabwere. Lamulolo linaletsanso kupereka chithandizo kwa wopempha amene thupi lake ndi lathanzi. Nyumba ya malamulo inalimbitsa zimenezi mu 1351. Onani bwino apa: munthu wokana malipiro ochepa ndiye anayamba kutchedwa mlesi, ndipo omutchulawo anali eni minda ofuna antchito otchipa.

Zinthu zinafika poipa m'zaka za m'ma 1500. Eni malo anatchinga minda imene anthu wamba ankalima n'kuisandutsa msipu wa nkhosa, chifukwa ubweya unali ndi ndalama. Pakati pa 1536 ndi 1541 Mfumu Henry VIII anatseka nyumba za amonke, zomwe zinkadyetsako osauka. Misewu inadzaza ndi anthu opanda pogwira. Yankho la boma mu 1547 linali lakuti munthu wathanzi wopezeka akungoyendayenda masiku atatu osagwira ntchito awotchedwe chilembo cha V pachifuwa, n'kukhala kapolo kwa zaka ziwiri. Akathawa, awotchedwe chilembo cha S pankhope n'kukhala kapolo moyo wake wonse. Lamuloli linali lankhanza moti oweruza ambiri sanaligwiritse ntchito, ndipo linathetsedwa pasanathe zaka zitatu. Koma mu 1553 nyumba yachifumu ya Bridewell ku London inaperekedwa kuti ikhale malo owongolerako anthu otere, kumene ankakwapulidwa ndi kugwiritsidwa ntchito yakalavulagaga.

Palibe pamene lamulo linafunsa funso la mwini munda uja. Amene analanda munda ndi amene anatcha wolandidwayo mlesi anali anthu amodzimodzi.

6. Chenjerani ndi nkhani imene imagawa anthu pawiri mosavuta.

Mu 1747 wojambula William Hogarth anatulutsa zithunzi 12 zotchedwa Industry and Idleness, zosimba za anyamata awiri ophunzira kuwomba nsalu kwa bwana mmodzi ku London. Pa chithunzi choyamba, Francis Goodchild ali pa makina ake, nkhope yowala, ntchito ikuyenda. Mnzake, Tom Idle, wagona tulo, kukamwa kuli yasa, chikho chachikulu cha mowa chili pa makina, mphaka akusewera ndi chowombera, ndipo bwana wasuzumira pakhomo ndodo ili m'manja. Pa chithunzi chachitatu Tom akutchova juga pamwamba pa manda anzake ali m'tchalitchi. Kenako atumizidwa kunyanja, abwerako n'kukhala mbava, agwidwa, ndipo woweruza amene amupeza pampando ndi mnzake wakale uja. Chithunzi cha 11 chikumuonetsa ali pangolo kupita kokanyongedwa ku Tyburn. Pa chomaliza, Goodchild wakhala meya wa London.

Zithunzizi zinagulitsidwa motchipa kuti anyamata ophunzira ntchito azione n'kuopa, ndipo m'menemo muli choonadi: khama limapindula, juga imawononga. Koma yang'anitsitsani chithunzi chachisanu ndi chimodzi. Goodchild wakwatira mwana wa bwana wake, ndipo dzina lake lalembedwa pa chikwangwani cha bizinesi. London inali ndi anyamata akhama zikwizikwi, ndipo ana aakazi a mabwana sakanawakwanira onse. Ambiri anawomba nsalu mokhulupirika mpaka maso kuchita khungu, n'kufa ali osauka.

Kuopsa kwa nkhani yotere n'koti timaiwerenga chobwerera. Tikaona wolemera timati anali wakhama, tikaona wosauka timati anali mlesi, ndipo mtima wathu umapeza mtendere osathandiza aliyense. Ana tiziwaphunzitsa khama, inde. Tiziwauzanso zoona, kuti mayi wogulitsa tomato amene amadzuka 4 koloko tsiku lililonse amagwira ntchito kuposa ambiri oyenda pa galimoto.

7. Vuto likapatsidwa dzina lake lenileni, mankhwala ake amasintha.

Mawu a Chingerezi otanthauza kusowa kwa ntchito monga vuto la dziko, akuti "unemployment", anayamba kufala m'zaka za m'ma 1880. Zisanafike pamenepo, munthu wopanda ntchito kawirikawiri ankangowerengedwa pamodzi ndi alesi. Mu 1909 William Beveridge anatulutsa buku lomwe mutu wake weniweniwo unkanena kuti kusowa ntchito ndi vuto la kayendedwe ka mafakitale, ndipo chaka chomwecho Britain inakhazikitsa lamulo lotsegula maofesi olumikiza ofuna ntchito ndi olemba ntchito.

Komabe maganizo akale safa msanga. Ku Jarrow, kumpoto chakum'mawa kwa England, kampani yopanga sitima za pamadzi ya Palmers inatsekedwa mu 1934, ndipo tawuni yonse inagwa nayo. Mu Okutobala 1936 amuna 200 anayenda wapansi mtunda wa mamailosi pafupifupi 300 kupita ku London, limodzi ndi phungu wawo Ellen Wilkinson, atanyamula chikalata chopempha ntchito. Sankapempha chakudya chaulere. Nduna yaikulu Stanley Baldwin anakana kukumana nawo. Atabwerera kwawo anapeza kuti ndalama yawo ya chithandizo yadulidwa, pa chifukwa choti masiku amene anali paulendo sakanapezeka ngati ntchito ikanatuluka.

Mu 1942, nkhondo ili mkati, Beveridge yemweyo analemba lipoti lotchula zimphona zisanu zimene dziko liyenera kulimbana nazo: umphawi, matenda, umbuli, malo okhala onyansa, ndi chachisanu chomwe anachitcha "Idleness". Apa mawu aja anatembenuka. Sanali kuloza chala munthu wokhala pakhonde. Anali kunena kuti dziko limene lasiya manja a anthu ake opanda chogwira ndilo lili ndi mlandu.

Ifenso tili ndi chotiyang'ana pamenepa. Mawu athu akuti lova ndi ulova anachokera ku "loafer" ya Chingerezi, munthu wongoyendayenda wosafuna ntchito. Mtsikana amene wamaliza maphunziro ake, walemba makalata mpaka ndalama ya fotokope kutha, akamati ali pa ulova, akudzitchula ndi dzina limene linapangidwira munthu wina. Makolo ndi abusa tiyenera kusamala kuti chipongwe chobisika m'mawuwo chisalowe m'kamvekedwe ka mawu athu pomufunsa kuti zikuyenda bwanji.

8. Lamulo lolanga munthu chifukwa cha mmene akuonekera limagwera osauka okha.

Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, asilikali ambiri anabwerera ku Britain opanda ntchito ndi pokhala. Mu 1824 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Vagrancy Act, lamulo lomwe linagawa anthu a m'misewu m'magulu atatu. Loyamba linali la otchedwa "idle and disorderly", olangidwa mpaka mwezi umodzi wa ntchito yakalavulagaga. Lachiwiri linali la "rogues and vagabonds", mpaka miyezi itatu. Lachitatu linali la obwereza mlandu, amene ankatha kukhala chaka. Pa nthawi yomweyo dzikolo linali ndi mabanja olemera amene ulemu wawo wonse unali poti sagwira ntchito ndi manja, akungodya lendi ya minda. Palibe wapolisi amene anagogoda pakhomo pawo.

Maganizo amenewa anafika kuno ndi atsamunda. Msonkho wa nyumba unayamba m'zaka za m'ma 1890 pansi pa Harry Johnston, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma linkachepetsa msonkhowo kwa munthu wosonyeza chikalata choti wagwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi. Bambo wolima munda wake kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wodyetsa banja lonse, m'maso mwa boma anali ngati sakugwira ntchito. Kenako Penal Code ya Nyasaland, imene inayamba kugwira ntchito mu 1930, inatenga magulu a 1824 aja pafupifupi mmene analili. Gawo 180 likunena za anthu a "idle and disorderly", ndipo gawo 184 za "rogues and vagabonds". Apa ndi pamene panachokera mawu amene aliyense wa m'tawuni amawadziwa, akuti vakabu.

Funsani kuti ndani amayenda wapansi usiku kapena mbandakucha. Ndi mlonda woweruka, mayi wothamangira kukapikula ndiwo kumsika, wophika mandasi, mnyamata wa kabaza, wodwazika amene akupita kuchipatala ndi phala. Mwini galimoto amadutsa msewu womwewo pa ola lomwelo osafunsidwa kanthu. Ndime ya 184(1)(c) inkalola kumanga munthu wopezeka pamsewu kapena pamalo ena alionse pa nthawi ndi m'njira yopangitsa wapolisi kuganiza kuti ali ndi cholinga choipa. Sipankafunika kuti wina waberedwa kapena wavulazidwa. Ambiri ogwidwa ankangovomera mlandu n'kulipira chindapusa kuti atuluke msanga, poti tsiku lililonse m'chitolokosi ndi tsiku limene ana kunyumba sadya.

Mu Malichi 2015, cha m'ma 3 koloko mbandakucha, mnyamata wina wogulitsa majumbo anagwidwa mu mzinda wa Blantyre ali pa ulendo wokagulitsa malonda ake. Anali atadzuka anthu ambiri ali m'tulo, katundu ali m'manja, ndipo anamangidwa ndi lamulo lopangidwira anthu osafuna ntchito. Iye sanavomere. Nkhani inafika ku Khoti Lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti ndime ya 184(1)(c) ija ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, chifukwa ikuphwanya ulemu wa munthu, ufulu woyenda, ndi ufulu wosasalidwa. Chigamulocho chinakhudza ndime imodzi yokhayo. Pa 4 Disembala 2020, khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe limakhala ku Arusha, poyankha pempho la bungwe la maloya la Pan African Lawyers Union, linanena kuti malamulo a mtundu umenewu amalanga munthu chifukwa cha umphawi wake ndi kusowa kwake pokhala, osati chifukwa cha chimene wachita, ndipo linauza mayiko a mu Africa kuti awakonze kapena awafafanize.